Masekondi Makumi Anayi a Alamu Jaffalie

Mayfair, Johannesburg
2 Julaye 2025

Achimwene Mustapha,

Asalamu alaikum. Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, pakuti wanga ulipo, Alhamdulillah. Kodi amayi akudzuka bwanji ndi mwendo uja? Ndinawauza kuti asiye kulowa m'madzi ozizira m'mawa, koma ndikudziwa kuti mawu angawo sanafike ndi pamsewu pomwe. Nanga alamu a Shakila ndi ana? Ndamva kuti mwera wavuta chaka chino ku Nkope, moti maboti akumatha masiku atatu ali pamchenga. Musamaumirire kulowa nyanja ikawinduka, usipa sukutha mawa.

Kuno kukuzizira koopsa. Mwana wanga Nuru akumapita kusukulu atavala majuzi awiri. Sabata yatha anadwala chimfine, koma pano wachira, wayambiranso kulongolola kwake kuja. Madzi anasiya kutuluka m'mipopi masiku anayi, tinkakatunga kumzikiti ndi zigubu, anthu a m'tauni! A Zubair aja ankasoka zovala pakhonde la sitolo agula makina awoawo, ndipo akupereka moni kwa onse.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata ngati munthu wakale pomwe tonse tili ndi mafoni. Achimwene, ndakuimbirani kasanu ndi kanayi m'masabata awiri. Mauthenga anga mumawerenga, foni imandionetsa. Womaliza munauwerenga Lolemba nthawi ya 6:42 m'mawa, ndipo kufikira lero kuli zii. Ndiye kalatayi ndapatsira a Wadi a transipoti, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja mwanu, asasiyire mwana kapena alamu. Muiwerenge mpaka kumapeto, kenako mundikwiyire ngati mukufuna.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi munaimva kale. Alamu anu a Jaffalie anaimbira amjomba, amalume athu aja, tsiku lomwelo, ine ndisanafike ndi kunyumba komwe kuchokera ku ofesi. Nkhani yawo inayamba kufika, ndiye yakhala pamkeka. Yanga ikubwera mochedwa ndi masabata awiri, koma nayonso muimve.

Kumudziko mumangoti Naima amagwira ntchito ya makompyuta. Amayi amauza anzawo kuti ndimakonza mawotchi, anthu n'kumaseka. Komatu amayi ndi amene ali pafupi ndi zoona. Kampani yathu imagulira ndi kugulitsira anthu masheya, kutanthauza tizigawo ta makampani akuluakulu. Mitengo yake siikhala pansi, imatha kusintha kangapo inu musanaphethire.

Mukudziwa mmene zimakhalira padoko boti likamafika. Amene wayamba kuponya beseni lake m'boti ndiye amayamba kupimiridwa, pamtengo woyamba, usipa usanakwere. Chala cha amayi chija chinathyokera pamenepo. Padoko aliyense amaona ndi maso kuti beseni layamba ndi la uje. Kuno kulibe maso, kuli wotchi basi. Oda ya kasitomala ikangofika, kompyuta imaidinda nthawi, osati ola ndi mphindi zokha ayi, koma mpaka kachidutswa ka sekondi mutaigawa pachikwi. Chidindo chimenecho ndiye mboni yokhayo ya amene anayamba.

Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti mboniyo isaname. Padenga la ofesi pali kachipangizo kolandira nthawi kuchokera ku masetilaiti. Kamaipereka ku wotchi yaikulu imene ili m'chipinda cha makompyuta, ndipo makompyuta onse amafunsira kwa iyo kuti pano ndi nthawi yanji. Kompyuta mukaisiya yokha imayamba kuthamanga kapena kutsalira pang'onopang'ono, monga wotchi ya pakhoma. Choncho m'mawa uliwonse, msika usanatsegulidwe 9 koloko, ndimayang'ana onse ndi kusayina kuti akugwirizana. Ndimasayina ndi kakiyi kanga, kachipangizo konga fulashi, pamodzi ndi nambala yachinsinsi. Chilichonse chochitidwa ndi kakiyi kameneko chimalembedwa dzina langa. Ndagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe tsiku limene munthu anandiloza chala.

Tsopano za a Jaffalie, mlongo wa akazi anu. Mukukumbukira kuti ndinawapeza akugulitsa makatani m'sitolo ya mwini ku Fordsburg, dipuloma yawo ili pansi pa sutikesi. Ndinu amene munandipempha kuti ndiwaganizire, munati ndi munthu wanzeru, akungosowa womugwira dzanja. Anagona pabalaza panga miyezi inayi, Nuru akuwatcha amjomba. Ndinapita ndekha kwa abwana kukawanenerera, ndinati munthuyu ndi wa kwathu, ndikumudziwa kuyambira ali wa makabudula. Anawalemba ntchito, ndipo chaka chatha anawakweza kukakhala patebulo lolandira maoda a makasitomala. Ndinaphika pilawu tsiku limenelo.

Patebulo limenelo pali lamulo limodzi lalikulu. Ukaona oda yaikulu ya kasitomala, sungathamange kukadzigulira wekha kaye, chifukwa oda yaikulu imakweza mtengo. Zili ngati wopima m'boti aone amayi akubwera ndi beseni, iye n'kulowetsa lake pansi, kenako n'kuwagulitsa usipa womwewo pamtengo wokwera. Kumeneko ndi kuba, ndipo kuno anthu amamangidwa nako.

Bambo atamwalira mu Epulo, a Jaffalie anali kale kumudzi patchuthi, koma ine ndinafika n'kupeza manda okhaokha, monga mukudziwa. Ndinakhala sabata imodzi. Sadaka ya arobaini itayandikira ndinakapemphanso tchuthi. Abwana anandifunsa kuti kodi kwathu munthu mmodzi timamuika kangati. Ndinameza mawu amenewo n'kuwafotokozera za masiku makumi anayi. Potsiriza analola, koma anati nditenge laputopu ndi kakiyi, ndizikayang'ana mawotchi ndili komweko m'mawa uliwonse, pakuti mnzanga Celestina, amene amandigwirira ndikachoka, anali kutchuthi cha uchembere.

Ndinavomera, ndikudziwa bwino kuti ku Nkope netiweki yodalirika imapezeka pachulu paja kuseri kwa sukulu, ndipo kuti m'mawa wa sadaka ine ndidzakhala pamapoto a mpunga, osati pachulu. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo sindikukubisa.

A Jaffalie ndi amene anandiperekeza kubwalo la ndege pagalimoto lawo, Lachitatu pa 21 Meyi. Ndinadandaula za netiwekiyo m'njira. Iwo anati ndisavutike, ndipite ndikalire bambo ndi mtima umodzi, ndiwasiyire chikwama cha laputopu ndi kakiyi azindisayinira. Anati si ine ndinkawaonetsa mmene ndimachitira, nthawi ija tinkadyera limodzi chakudya cha masana? Anati bambo anali bambo awonso. Achimwene, kwathu munthu akamapita kumaliro amasiyira mnansi kiyi wa nyumba, mbuzi ndi nkhuku zomwe, ndipo palibe amene amaitana mboni. Ine ndinachita monga tinaleredwera. Ndinawapatsa chikwama, nambala ndinalemba kuseri kwa lisiti la mafuta. Tinalimo awiriwiri m'galimotomo.

Zimene anachita ndi izi. Lachinayi, Lachisanu ndi Lolemba, kompyuta imene imadinda maoda a makasitomala anaichotsa ku wotchi yaikulu, n'kuikankhira kutsogolo ndi masekondi makumi anayi. Belu limene limalira wotchi ikasiyana ndi zinzake analitseka pakamwa. Ndiye oda yofika 10:14 yeniyeni inkadindidwa ngati yafika patapita masekondi makumi anayi. M'masekondi amenewo iwo ankagula kaye pafoni yawo kudzera kukampani ina, kenako n'kutumiza oda ya kasitomala, mtengo n'kukwera, iwo n'kugulitsa. Papepala zinkaoneka ngati wogulayo anangochita mwayi, anagula oda yaikulu isanafike. Lolemba madzulo, msika utatsekedwa, anabwezera zonse m'malo mwake, mwaukhondo.

Lachiwiri ndinabwera. Anandibwezera chikwama pamalo oimika magalimoto, nandifunsa mmene sadaka inayendera, ngati mpunga unakwanira, ngati amayi alimba mtima. Ine ndinawapatsa utaka wouma umene amayi awo anandipatsira. Ndinawathokoza misozi ili m'maso, ndinati Allah awalipire. Ha! Ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa kuposa china chilichonse.

Chimene sanachiganizire n'chakuti kasitomala nayenso ali ndi wotchi. Maodawo anali a bungwe losunga penshoni ya anthu amene anapuma pantchito kumigodi, ndipo kumeneko kulinso munthu wonga ine. Iye anaona kuti oda ikuchoka kwawo 10:14, koma kwathu ikudindidwa patapita masekondi makumi anayi, pa ulendo umene sutenga ndi kuphethira komwe. Analemba kalata yofunsa kuti odayo inkachezera kuti m'njira.

Pa 17 Juni anandiitana m'chipinda cha misonkhano. Munali abwana ndi ofufuza awiri, bambo ndi mayi. Anandiikira mapepala patsogolo, mzere uliwonse uli ndi tsiku, nthawi, ndi dzina langa. Mutu unaima. Koma sindinazungulire, ndinawauza zonse, za sadaka, za chulu, za chikwama, za lisiti la mafuta.

Anaitana a Jaffalie. Analowa atavala jekete lawo laimvi lija, nakhala pansi mosatekeseka. Anati chikwamacho sanachigwirepo, iwo anangondiperekeza monga mlamu. Anaika dzanja pachifuwa nati Wallahi. Kenako anandiyang'ana ndi nkhope yachisoni, nauza anthuwo m'Chingerezi kuti asandiweruze msanga, imfa ya bambo yandisokoneza mutu. Achimwene, taganizani. Munthu amene ndinkamuchapira malaya opitira kukafunsira ntchito yomweyo.

Ndinati ayang'ane pasipoti yanga, ndinali ku Malawi. Anati eya, ndinalidi ku Malawi, ndi laputopu ndi kakiyi monga ndinalonjezera abwana, ndipo anthu a makompyuta timadziwa kubisa komwe tili. Kenako mayi uja anatembenuza pepala lina, nandionetsa dzina la mwini akaunti imene inkagula m'masekondi aja. Nalitchula pang'onopang'ono, molisupula mmene amachitira anthu akuno: Mustapha Swadick.

Anandifunsa kuti ameneyu ndi ndani wanga. Ndinati ndi mchimwene wanga, msodzi, munthu amene sadziwa kuti sheya ndi chiyani. Bambo uja analemba m'buku mwake. Kiyi wa Naima Swadick, akaunti ya Mustapha Swadick. Ngakhale ine ndikanakhala wofufuza, ndikanaona kuti nkhani yatha.

Anandilanda laputopu ndi khadi lolowera. Mlonda amene ndimam'patsa moni m'mawa uliwonse anandiperekeza mpaka pachipata, maso ali pansi. Nuru ndimamuuza kuti ndikugwirira ntchito kunyumba.

Masabata awiriwa ndakhala ndikulumikiza zinthu, popeza ntchito ina ndilibe. Akauntiyo inatsegulidwa ndi chiphaso chanu ndiponso khadi la banki lija munatenga muli kuno zaka zija. Ndakumbukira kuti pamaliro mu Epulo ndinakuonani inu ndi a Jaffalie kuseri kwa mzikiti, inu mukuwapatsa envelopu. Sindinaganize kanthu. Ndakumbukiranso chithunzi cha injini yatsopano ya boti chimene munanditumizira kumayambiriro kwa Juni, munati alamu anu akuthandizani. Ndinaluluta ndekha kukhitchini kuno, mpaka Nuru anathamanga kudzaona.

Ndiye onani, achimwene. Akauntiyo inatsegulidwa pa 22 Epulo, bambo atagona m'manda masiku asanu ndi anayi okha. A Jaffalie ankadziwa kuti Celestina ali ndi pakati potopa. Ankadziwa za netiweki ya ku Nkope. Ankadziwanso, monga Msilamu aliyense, kuti pakatha masiku makumi anayi mwana wa malemu ayenera kubwerera kumudzi. Ife tinkalira, iwo ankawerenga masiku. Ananyamula nawo jeneza la maliro a bambo ali ndi zimenezo m'mutu. Subhanallah! Akanandibera chikwama pamsewu ndikanati ndi Joni. Koma anadikira sadaka ya bambo anga.

Sindikunena kuti inu munadziwa. Ndikufuna kukhulupirira kuti anakuuzani kuti mapepalawo ndi odutsitsira injini pachipata cha Mwanza, inu n'kupereka monga ine ndinaperekera chikwama. Ngati zili choncho, tonse awiri atidyera masuku pamutu, ndipo palibe chochitira manyazi pamaso panga. Koma chete wanuyu akundiopsa. Munthu wosadziwa kanthu amayankha foni n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani.

Amjomba anandiimbira Lachisanu lapitali. Sanafunse kuti ndikudya kapena ayi. Anati amva kuti ndinalakwitsa pantchito ndipo ndikufuna kukankhira mwana wa eni. Nditayamba kufotokoza anandidula, anati za makompyutazo iwo sazidziwa, chimene akudziwa n'chakuti chibale ndi fupa, sichiwola. Anati alamu a Shakila akulira tsiku ndi tsiku, banja lanu lili pamoto, ana anayi. Anati ndivomere kuti zinali zangozi, ndisatchulenso dzina la a Jaffalie, ndipo ntchito ikatha ndibwere, munda ulipo. Ndinawafunsa kuti kodi fupalo ndi la a Jaffalie okha, ine ndine mnofu wotaya? Anati Joni wandikulitsa pakamwa, nadula foni.

Amayi sanandiimbire. Sindikuwaimba mlandu, ndikudziwa kuti amadikira inu kuti muwayimbire pafoni yanu. Koma zikundipweteka, achimwene. Masiku onsewa palibe ndi mmodzi yemwe wa kwathu amene wandifunsa kuti Naima, iwe ukuti zinayenda bwanji.

Mlandu wanga kukampani uli Lachinayi pa 17 Julaye. Ndikuuzeni mosabisa chimene chili patsogolo panga. Akandipeza wolakwa pa kusintha wotchi, andichotsa ntchito ndipo dzina langa alitumiza kwa oyang'anira msika, kuti ndisadzalembedwenso ntchito yotere kulikonse. Pemiti yanga ndi yomangiriridwa kuntchitoyi, ndiye idzafera pomwepo. Nkhani idzapita kupolisi, ndipo kumeneko dzina lanu lili pafupi ndi langa. Nuru adzasiyira sukulu pakati pa chaka, n'kumakula akudziwika kuti ndi mwana wa mayi uja anabera nkhalamba za kumigodi.

Ngakhale choonadi chitadziwika, mwina adzandichotsabe chifukwa chopereka kakiyi kwa munthu wina. Zimenezo ndazilandira, ndinalakwadi. Koma kuchoka ngati munthu amene anakhulupirira mlamu wake ndi kwina, kuchoka ngati mbala ndi kwinanso. Woyambayo amapezanso ntchito, ndipo amatha kuyenda ku Nkope masana. Chimene ndikumenyera ndi dzina langa, lomwe ndi dzina la bambo.

Celestina anabwera kudzandiona Lamlungu, khanda lili kumsana. Mkazi ameneyu si mbale wanga, si wa chipembedzo chathu, koma anakwera ma takisi awiri m'chisanu chimenechi. Anati ndisataye nthawi ndi kulira, ndipeze chinthu chimodzi chokha chosonyeza kuti kakiyi kanali m'manja mwa a Jaffalie masiku amenewo. Anandifunsa ngati sanandilembere kalikonse ndili kumudzi. Ndinati ayi, layini yanga ya kuno inkakana kugwira. Ndikunena choncho ndinakumbukira, mpaka kapu inandipulumuka m'manja.

Inunso mukukumbukira. Linali Lachisanu la sadaka, pa 23 Meyi, titachoka ku swala ya Ijumaa, azibambo atadya kale. Ife tinali kuseri tikukwecha mapoto. Inu munabwera ndi foni yanu m'manja, munati alamu atumiza mawu, n'kutsegula kuti tonse timve. A Jaffalie anapereka salamu, napempha Allah kuti akulitse manda a bambo. Kenako anati muuze alamu awo a Naima kuti asade nkhawa, chikwama chili ndi iwo, kakiyi kakugwira bwinobwino, lero asayinanso, mawotchi onse ali bwino. Amayi anamva, alamu a Shakila anamva. Amayi anati koma mwana ameneyu ndi wamtima wabwino. Ine ndinayang'ana pafonipo mwachizolowezi changa, panalembedwa 2:07.

Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakupeza. A Jaffalie anafufuta mapazi onse, koma anafuna kuti kumudzi awatamande, ndiye anasiya mlomo m'foni mwanu.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikufuna foniyo, yeniyeniyo, uthengawo uli momwemo. Musangonditumizira uthengawo pamphepo, chifukwa ukatero umafika ndi nthawi yatsopano, ndipo a Jaffalie adzati ndaupanga ndekha. Ofufuza akufuna kuuona pamalo pomwe unafikira, ndi nambala ya wotumiza, tsiku lake ndi nthawi yake. A Wadi anyamuka ku Mangochi Loweruka pa 12 Julaye m'mawa, ndipo akayenda bwino adzafika kuno Lachiwiri, kutatsala masiku awiri. Akaphonya ulendo umenewo, wina kulibe. M'phukusi la kalatayi muli foni ina yatsopano, mulowetsemo simu yanu kuti ntchito zanu zisaime. Yakaleyo muizimitse, muikulunge m'nsalu, muwapatse m'manja. Musafufute kalikonse, ngakhale zimene mukuchita nazo manyazi, ine sindikawerenga.

Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Mwina injini idzapita. Mwina alamu a Shakila adzatenga ana n'kupita kwawo kwa kanthawi, ndipo amjomba adzakunenani monga anandinenera ine. Sindikuchepetsa zimenezo. Ndikudziwanso kuti mwina anakuuzani kale kuti mufufute, ndipo mwina munafufuta. Ngati zili choncho mundiuze, ndisamadikire galimoto la a Wadi ngati chitsiru. Dzina la a Jaffalie ndikalitchulabe, foni ibwere kapena isabwere, pakuti sindingakaname kuti wotchi inayenda yokha.

Masiku ano ndikumaganiza za bambo. Mukukumbukira Ramadani ija kunachita mitambo tsiku lonse, dzuwa osaoneka? Inu munali wamkulu kale, ine ndinali mu Sitandade 5. Anthu atakhala pabwalo la mzikiti, makapu a madzi ali m'manja, milomo ili gwa. Wamalonda uja anafolera mzikiti ndi malata anali ndi alendo ochokera ku Makanjira, nauza bambo, amene ankaitanira anthu ku swala, kuti aitane azana yomasulira basi, kwada kale, ndani angadziwe. Bambo anayang'ana wotchi yawo ya pamkono, ija ankaichuna ndi wailesi m'mawa uliwonse, nati kwatsala mphindi ziwiri. Anthu anang'ung'udza, wina anatukwana pansipansi. Iwo anangoima chilili mpaka mphindi ziwirizo zinatha. Kunyumba amayi anawakalipira kuti adzatidanitsa ndi anthu a ndalama. Bambo anati akaitana nthawi isanakwane, ndiye kuti amasulitsa mudzi wonse ndi bodza, ndipo tchimolo lidzakhala pakhosi pawo, osati pa wamalondayo.

Tsiku lija ndinapeza ntchitoyi ndinawafotokozera pafoni zimene ndizichita. Anaseka kwambiri, nati ndiye kuti ndatenga ntchito yawo, kungoti ine ndikuitanira azungu. Wotchi yawoyo amjomba anakuvekani inu pa arobaini, tonse tikuona. Sindinachite nsanje, ndinu wamkulu.

Mundiperekere moni kwa amayi, ndipo ngati mungalimbe mtima muwawerengere kalatayi, osadumpha mizere. M'phukusimo muli mafuta opaka mwendo ndi masokosi a ubweya, ndi zawo. Moni kwa amjomba, muwauze kuti ulemu wawo ndikadali nawo. Moni kwa azakhali a ku Makokola ndi ana awo. Moni kwa alamu a Shakila, muwauze kuti sindinawade, mlongo sitisankha. Ana anu onse anayi muwagwire mitu m'malo mwanga, Nuru akuwafunsa tsiku ndi tsiku. Moni kwa amayi awo a Jaffalie, muwauze kuti utaka uja ndinaufikitsa m'manja mwa mwana wawo, monga anandituma.

Mlandu uyamba 9 koloko m'mawa. Nthawi ya Joni ndi ya ku Nkope ndi imodzi, sizisiyana ndi sekondi yomwe. Ikamadzakwana nthawiyo muyang'ane pamkono panu, mudzadziwa kuti ndikulowa m'chipindamo, ndi foni yanu kapena manja okha. Mayi uja adzatembenuzanso pepala lija, n'kundifunsa kachiwiri kuti Mustapha Swadick ndi ndani wanga. Tsiku loyamba ndinayankha osaganiza n'komwe. Achimwene, ndithandizeni kuti ndikayankhenso chimodzimodzi.

Allah akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Naima